Mafuta a mabuleki otulukira pa siwichi ya getsi lochenjeza: lipoti la pikapu ya 1979

Mmene galimotoyo inafikira

Pikapu imene ndikulemba nkhani yake pano ndi ya 1979, ya injini ya petulo, yokhala ndi mabuleki a disiki kutsogolo ndi a dilamu kumbuyo. Eni ake ndi bambo achikulire amene akhala nayo zaka zambiri, ndipo tinthu ting'onoting'ono amakonza okha. Anafika ku galaja atanyamula siwichi m'kathumba, n'kunena kuti: "Amisiri, tandiikirani iyi. Ndi yachitatu tsopano. Ziwiri zoyambazo zinali zachabechabe, zonse zikungodontha."

Sindinailandire nthawi yomweyo. Ndinawapempha kuti ayambe afotokoza mmene vutolo linayambira, ndipo nkhani yawo inali yotere. Miyezi iwiri m'mbuyomo, wheel cylinder (kachipangizo kokankha mashuzi a mabuleki m'kati mwa dilamu) ya tayala la kumbuyo kumanzere inayamba kudontha. Anagula yatsopano, anaikamo okha, ndipo pochotsa mpweya anathandizidwa ndi mdzukulu wawo amene ankapopa pedulo mpaka kuigunditsa pansi. Ali mkati mwa ntchitoyo getsi lofiira la mabuleki pa dashibodi linayaka, koma atamaliza n'kuponda pedulo mwamphamvu kangapo, linazima. Patapita sabata anayamba kupeza kadontho pansi pomwe galimoto yagona. Atafufuza anapeza kuti siwichi ya pulasitiki, imene yamangidwa pa kachitsulo kolumikiza mapaipi a mabuleki pansi pa master cylinder (mpope wa mafuta a mabuleki umene pedulo imakankha), ndi yonyowa. Anaichotsa n'kuikapo ina yochokera pa galimoto yakufa. Masiku atatu, yayambanso. Anagula yatsopano, anaikulunga tepi yoyera ija ya mapulambala, anaimanga mwamphamvu, n'kupaka silikoni m'mbali mwake. Kudontha kunaleka masiku owerengeka, kenako mafuta anayamba kutulukira pamwamba penipeni, polowa waya. Nthawi yonseyi getsi linkaphethira akaponda mabuleki mwamphamvu, mpaka linawatopetsa, n'kuzula wayayo.

Anandiuzanso kuti ankathira mafuta pang'ono pa sabata iliyonse. Nditawafunsa kuti ankathira mbali iti ya kathanki ka master cylinder, anati mbali yaing'ono. Pa galimoto imeneyi chipinda chachikulu chimadyetsa mabuleki a kutsogolo, chaching'ono a kumbuyo. Chachikulucho chimatsika chokha pang'onopang'ono mapadi akamadyeka, chifukwa mapisitoni a caliper (chitsulo chopanira mapadi pa disiki) amatuluka n'kutenga mafuta ambiri, choncho kutsika kwake sikudabwitsa. Koma chaching'ono chikamatsika sabata ndi sabata, mafutawo akutayikira penapake.

Siwichi imeneyi ndi iti, ndipo imakhala pamalo otani

Pali masiwichi angapo amene anthu amawatchula ndi dzina limodzi, ndipo chisokonezo chambiri chimayambira pamenepo. Yoyatsa magetsi a kumbuyo dalaivala akaponda mabuleki, pa magalimoto ambiri a zaka za m'ma 1970 imakhala pa pedulo, siikhudzana ndi mafuta. Pa magalimoto akale kuposa pamenepo siwichi yoteroyo inkamangidwa pa paipi kapena pa master cylinder ndipo inkagwira ntchito ndi pulesha ya mafuta. Imeneyo ikadontha, yolakwa ndi siwichiyo, umaisintha basi. Palinso ya m'kathanki, yoyandama, imene inabwera pa magalimoto a pambuyo pake kuti izichenjeza mafuta akachepa. Ya pa pikapu iyi si imodzi mwa zimenezi.

Kuyambira mu 1968 malamulo a ku United States anafuna kuti magalimoto atsopano onyamula anthu akhale ndi mabuleki ogawidwa pawiri, kuti mbali imodzi ikaphulika ina itsale ikugwira, komanso akhale ndi getsi louza dalaivala kuti mbali imodzi yafa. Mapikapu nawonso anatsatira kapangidwe komweko. Njira imene opanga ambiri anasankha ndi yosavuta kumvetsa. M'kati mwa kachitsulo kamene mapaipi amakumanirana, kotchedwa valavu, muli bowo lalitali, ndipo m'bowomo muli pisitoni yaing'ono yotha kusunthira uku ndi uku. Mafuta a mbali ya kutsogolo amaikankha kuchokera kumapeto amodzi, a mbali ya kumbuyo kuchokera kumapeto enawo. Zonse zikakhala bwino pulesha ndi yofanana, pisitoni siisuntha. Pakati pa pisitoniyo pali kampata kokumbika, ndipo kamtengo ka siwichi kamakhala m'kampatamo. Mbali imodzi ikataya pulesha, pisitoni imakankhidwira kumene kwafookako, kamtengo kaja kamakwera pa phewa la pisitoni, siwichi imalumikiza waya ndi thupi la galimoto, getsi n'kuyaka.

Mfundo imene eni galimotoyi sankaidziwa, ndiponso imene ndaona amakaniko ena akuiphonya, ndi iyi: mbali zonse ziwiri za kampata kaja kuli timphete ta rabala, ma O-ring, totsekereza mafuta kuti asafike pakati. Malo amene siwichi imalowa ndi ouma. Siwichiyo sinapangidwe kuti itsekereze mafuta, n'chifukwa chake zambiri ndi za pulasitiki ndipo zimamangidwa mopepuka. Pa valavu yabwinobwino ungathe kuichotsa injini itazima, osatuluka ngakhale dontho. Ndiye mafuta akaoneka pa siwichi, ndiye kuti kamphete kamodzi kapena tonse tiwiri ta m'kati tatha. Umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga: siwichi ndi pongotulukira, pamene pabowoka ndi m'kati.

Pa pikapu iyi pisitoni imeneyi ili m'kati mwa combination valve, imene imagwira ntchito zitatu m'thupi limodzi. Kuwonjezera pa kuchenjeza, ili ndi mbali yochedwetsa pang'ono mabuleki a disiki kuti ayembekezere mashuzi a kumbuyo agonjetse masipuling'i awo, ndi mbali ina yochepetsa pulesha yopita kumbuyo pamene dalaivala waponda mwamphamvu, kuti matayala a kumbuyo asamangike msanga. Pa pikapu zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa ikakhala yopanda katundu kumbuyo kumapepuka, ndipo matayala a kumbuyo akamangika oyamba galimoto imazungulira.

Kutsimikiza kumene mafuta akuchokera

Ngakhale nkhani ya bambowo inkaloza kale ku valavu, sindimasula chitsulo cha mabuleki chifukwa chongoganiza. Mafuta amayenderera kuchokera pamwamba kupita pansi, ndipo valavuyi ili pansi pa master cylinder. Nati imodzi ya pa master cylinder ikamadontha pang'ono, mafuta amatsetsereka ndi paipi n'kudzasonkhana pa siwichi, munthu n'kuweruza siwichi yosalakwa.

Ndinatsuka malo onse ndi mankhwala otsukira mabuleki, kuyambira pa chivundikiro cha kathanki mpaka pa chesesi, n'kuumitsa ndi mpweya. Silikoni ija ndinaipala yonse. Kenako ndinawaza ufa wa choko pa manati onse, pa mapaipi, pa thupi la valavu ndi pa siwichi. Mafuta a mabuleki pa chitsulo chakuda sawoneka msanga, koma pa choko dontho laling'onong'ono limadetsa nthawi yomweyo. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anakhala pa mpando wa dalaivala, injini ikulira kuti busita (chipangizo chowonjezera mphamvu ya phazi pa pedulo) izithandiza, ndipo ndinamuuza kuti: "Ponda mwamphamvu, usapope, ungogwira pomwepo mpaka ndikuuze."

Pa manati a master cylinder choko chinakhalabe choyera. Pakati pa master cylinder ndi busita panali pouma, penti ya busita sinali yosendeka, kusonyeza kuti mafuta sakuthawira kumbuyo. Manati asanu a pa valavu analinso ouma. Patatha pafupifupi theka la mphindi, choko cha pamutu pa siwichi chinayamba kuda, ndipo kadontho kanatuluka m'mbali mwa kachitsulo kolumikizapo waya. Mnyamatayo anati pedulo ikutsika pang'onopang'ono pansi pa phazi lake, osati kwambiri, koma ikumveka.

Kutsika kwa pedulo kotere kungachokerenso ku master cylinder imene marabala ake a m'kati atha, mafuta n'kumalambalala pisitoni kubwerera m'kathanki. Kusiyana kwake n'kwakuti vuto limenelo silichepetsa mafuta m'kathanki ndipo kunja sikunyowa. Apa mafuta ankachepa ndipo pothawira tinkapaona ndi maso. Komabe ndinalemba kuti ndidzayesenso master cylinder valavu ikakonzeka, popeza mdzukulu uja anaipopa mpaka pansi, ndipo marabala akale akayenda kufika kumene sanafikeko zaka zambiri amatha kuchekeka.

Titazimitsa injini ndinamasula siwichi. Inatuluka movuta chifukwa cha tepi, ndipo mathiredi ake a pulasitiki anali ataphwanyika pang'ono. Bowo lake linali lodzaza mafuta akuda. Ndinawapukuta ndi kansalu koyera mpaka kampata ka pisitoni kanaoneka ndi tochi, ndipo kanali pafupi ndi pakati koma kopendekera pang'ono mbali ya kumbuyo. Nditavala magalasi oteteza maso, ndinamuuza mnyamatayo kuti apondenso, ulendo uno mofatsa. Mafuta anayamba kutumphuka kuchokera mbali ya pisitoni yoyang'ana mapaipi a kumbuyo. Mbali inayo sinatulutse kanthu. Izi zinagwirizana ndendende ndi chipinda chimene bambo aja ankathiramo mafuta.

Ndinawaitana kuti adzaone okha, siwichi ili m'dzanja langa, mafuta akutuluka m'bowo. Anayang'ana kanthawi, n'kunena kuti: "Ndiye kuti masiwichi aja ndinawanamizira."

Za magetsi

Mbali iyi sinatenge nthawi. Getsi lofiira la pa dashibodi limagwira ntchito ziwiri pa galimoto imeneyi: limayaka handibuleki ikakokedwa, limayakanso siwichi ya pa valavu ikagunda. Choncho usanakhulupirire zimene getsi likunena, uyambe watsimikiza kuti handibuleki yamasulidwa ndipo siwichi yake siikugwira yokha. Nditatembenuza kiyi ndinagunditsa waya wozulidwa uja ku chitsulo cha galimoto, getsi linayaka, nditauchotsa linazima. Babu ndi waya zinali bwino. Siwichi yatsopano imene anabweretsa ndinaiyesa ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi: kamtengo kake kali pamalo pake siinkalumikiza, nditakakankha inalumikiza. Inali yabwinobwino.

Kuphethira kuja kunali kunena zoona. Mbali ya kumbuyo inali ndi mpweya wotsalira kuchokera pa ntchito ya wheel cylinder, kuwonjezapo kudonthako, choncho dalaivala akaponda mwamphamvu pulesha ya kutsogolo inkakwera msanga kuposa ya kumbuyo, pisitoni n'kusuntha mokwanira kugunditsa siwichi, n'kubwerera akasiya. Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yonseyi ndi waya wozulidwayo. Galimoto inayenda milungu ingapo mafuta akutayika, chinthu chokhacho chimene chikanawauza kuti mbali ya kumbuyo yatheratu chitatsekedwa pakamwa.

Kumasula valavu

Manati a mapaipi amene akhala zaka zoposa 40 osagwedezedwa samasulidwa mwaphuma. Ndinawathira mafuta olowerera dzimbiri madzulo, n'kuwasiya usiku wonse. M'mawa ndinapukuta mafutawo bwinobwino ndisanamasule, chifukwa mafuta ochokera ku petulo, ngakhale pang'ono, akalowa m'mapaipi amatupitsa marabala onse a mabuleki. Ndinaponda pedulo pang'ono n'kuigwiriza ndi thabwa pa mpando. Pedulo ikatsika pang'ono chotero, mapisitoni a master cylinder amatseka timabowo tochokera m'kathanki, ndipo mafuta sakhuthuka onse mapaipi akamasulidwa. Batire ndinalichotsa waya kuti magetsi a kumbuyo asakhale chiyakire tsiku lonse. Pansi pa valavu ndi pa penti yapafupi ndinayala nsalu, popeza mafuta a mabuleki amasenda penti.

Paipi iliyonse ndinaimata kapepala kosonyeza bowo lake. Ndinagwiritsa ntchito sipanala ya manati a mapaipi, ija yokumbatira nati pafupifupi mbali zonse yokhala ndi kampata kongodutsa paipi. Sipanala wamba yotseguka imagwira mbali ziwiri zokha ndipo imadya ngodya za nati zofewazi. Manati anayi anamasuka. Wachisanu, wa paipi yopita kumbuyo, anamatirana ndi paipiyo chifukwa cha dzimbiri, ndipo nditatembenuza paipi inayamba kupotoka limodzi ndi nati. Ndinaleka, koma inali itapindika kale, ndipo nditaikanda ndi burashi ya waya ndinaona kuti dzimbiri linali litaidya kwambiri pamalo pamene imalowa mu nati. Paipi yotero siibwezeredwa. Ndinaidula n'kupanga ina kufikira pa cholumikizira chotsatira, ya kukula komweko, ndi mlomo wopinda kawiri monga unalili wakalewo. Pali milomo ya mapaipi ya mitundu iwiri yofala, wopinda kawiri wa madigiri 45 ndi wotupa ngati kathovu ka mpweya, ndipo siilowana. Nati ingathe kumangika pa bowo la mtundu wina koma siitseka bwino. Mlomo wopinda kamodzi wokha, kapena zolumikizira zofinya zimene amagwiritsa ntchito pa mapaipi a madzi, zilibe malo pa mabuleki, amene pulesha yake poponda mwadzidzidzi imapitirira 1,000 psi.

Valavu nditaifikitsa pa tebulo ndinamasula chotsekera cha kumapeto, ndikuyala zonse pa nsalu yoyera motsatana mmene zatulukira. Pisitoni inatuluka mokakamira. Kamphete ka mbali ya kutsogolo kanali kouma ndi kophwatalala koma kathunthu. Ka mbali ya kumbuyo kanali ndi kachidutswa kothothoka, kooneka ndi maso. M'bowo munali matope abulauni, ndipo nditatsuka ndinapeza mzere wa dzimbiri wozungulira pafupi ndi pamene kamphete kanakhala zaka zonsezi, ndi timaenje tingapo m'chitsulo.

Apa nkhani yonse inalumikizana. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya. Mafuta a DOT 3 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205 Celsius, koma akamwa madzi muyezo wake umatsika kufika pa 140. Anthu ambiri amadziwa mbali imeneyo ya kuwira, koma madzi omwewo amadyanso chitsulo m'kati mwakachetechete, makamaka pamalo pamene mafuta sayenda. Pisitoni yochenjezayi ingakhale zaka 20 kapena 30 osasuntha ngakhale pang'ono, dzimbiri likumera m'mbali mwake, rabala akuuma. Tsiku limene bambo aja anatsegula kabowo kochotsera mpweya kumbuyo, mdzukulu n'kuponda mwamphamvu, pisitoni inakankhidwa koyamba, ndipo kamphete kouma kanadutsa pa mzere wa dzimbiri n'kuchekeka. Getsi limene linayaka tsiku limenelo ndi umboni woti inasunthadi. Sanalakwe posintha wheel cylinder. Valavuyo inali itatha kale, inkangodikira choigwedeza.

Zimene tinakambirana ndi eni galimoto

Anali ndi maganizo atatu, ndipo onse ndawamvapo kwa anthu ena, choncho ndiwalemba.

Loyamba linali lakuti tichotse siwichi n'kutseka bowolo ndi bawuti ndi kamphete ka mkuwa (washer). Kudontha kwa kunja kukanalekadi, ndipo n'chifukwa chake njira imeneyi imakopa anthu. Koma chipinda chapakati chikanadzaza mafuta a mbali ya kumbuyo, ndipo chokhacho cholekanitsa mbali ziwirizo chikanatsala kamphete kamodzi kouma ka zaka zomwezo. Kameneko kakanatha, mabuleki ogawidwa pawiri akanasanduka a njira imodzi popanda aliyense kudziwa, ndipo paipi imodzi itaphulika mafuta a mbali zonse akanathawira pomwepo. Getsi lochenjeza nalo likanakhala litachotsedwa. Ndinawauza kuti: "Bambo, ntchito imeneyo ine sindingaigwire, ngakhale galimotoyo ndi yanu." Tepi ndi silikoni zimene anaika zija zinali kale kuyesa chinthu chomwechi, kungoti pulasitiki inakana kugwira pulesha, mafuta n'kupeza njira pakati pa siwichi. Tinganene kuti kufooka kwa pulasitikiyo kunawathandiza, chifukwa vuto linapitiriza kuoneka.

Lachiwiri linali lakuti tingosintha timphete. Izi zimatheka, ndipo ndazichitapo pa mavalavu a mkuwa amene bowo lake linali losalala. Koma pali zinthu ziwiri zofunika kuyang'ana. Choyamba ndi mtundu wa rabala. Timphete takuda ta m'mabokosi osakaniza timene timapezeka m'magalaja ambiri nthawi zambiri ndi ta nitrile, rabala wopirira mafuta a injini ndi petulo, koma wosapirira mafuta a mabuleki. Mabuleki a DOT 3 ndi DOT 4 amafuna rabala wa EPDM. Pa maso n'zofanana, koma ka nitrile kangagwire sabata zingapo kenako n'kuwonongeka. Chachiwiri ndi bowo lenilenilo. Valavu iyi ndi ya chitsulo chosungunula, ndipo nditayendetsa kachitsulo kosongoka mofatsa m'bowomo kanali kukodwa m'timaenje tija, pamalo pomwe kamphete kamayenera kutseka. Kupala kuti timaenjeto tithe kukanakulitsa bowo. Kamphete katsopano pa chitsulo chokumbika kamadontha ngati kakale.

Lachitatu linali kukatenga valavu pa galimoto yakufa imene anachotsapo siwichi ija. Marabala ake ndi a zaka zomwezo, ndipo galimoto yoima imachita dzimbiri m'kati kuposa yoyenda. Tikanagwira ntchito yonse ya mapaipi ndi kuchotsa mpweya kuti tiike chinthu chimene chingachekeke tsiku lomwelo.

Tinagwirizana zogula valavu yatsopano. Poyitanitsa ndinaonetsetsa kuti ndi ya galimoto ya disiki kutsogolo ndi dilamu kumbuyo, chifukwa ya disiki mbali zonse imaoneka mofanana koma m'kati ndi yosiyana. Itafika ndinaiyerekeza ndi yakale bowo ndi bowo, ndikuyesa nati iliyonse ndi dzanja valavu isanakwere pa galimoto. Opanga ambiri amasiyanitsa dala kukula kwa manati kuti munthu asasinthanitse mapaipi. Inabwera ndi siwichi yakeyake, choncho ya m'kathumba ija inabwerera kwa eni ake.

Kumanga ndi kuchotsa mpweya

Manati onse ndinawayamba ndi dzanja valavu isanamangidwe zolimba pa bulaketi, kuti ikhale ndi mpata wosunthira kumene mapaipi akufuna. Nati ya paipi ikakana kulowa ndi zala, ndiye kuti yapendekera, ndipo kuikakamiza ndi sipanala kumawononga mathiredi a valavu yatsopano. Tepi kapena guluu sizipakidwa pa manati amenewa, chifukwa chimene chimatseka ndi mlomo wa paipi pa mpando wake, osati mathiredi.

Mafuta akale anali akuda bii, choncho tinawachotsa onse, osangowonjezera. Chivundikiro chinalembedwa DOT 3, ndipo ndi amene tinathira, ochokera m'botolo losatsegulidwa. DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi a banja limodzi ndi DOT 3, koma DOT 5 ndi a silikoni ndipo sasakanizidwa ndi enawo. Pansi pa pedulo ndinaika kathabwa kuti isafike pansi pamene tikupopa. Tinayambira pa tayala lakutali kwambiri ndi master cylinder, n'kumayandikira.

Pali kachipangizo kakang'ono kamene kamamangidwa m'malo mwa siwichi pa nthawi yochotsa mpweya, kokhala ndi nsonga yolowa m'kampata ka pisitoni kuti isasunthe. Tsiku limenelo kanga sindinakapeze, ndipo ndinaganiza kuti tikamaponda mofatsa zitheka. Sizinatheke. Tili pa tayala loyamba la kumbuyo getsi linayaka n'kukhala chiyakire, ndipo mafuta otuluka kumbuyo anachepa kwambiri. Pisitoni inali itasunthira mbali ya kumbuyo, kumene tinatsegula. Ndikanadikira kuti kachipangizoko kapezeke ndikanapulumutsa ola lathunthu, komanso timphete tatsopano sitikanayenda ulendo wosafunika.

Mavalavu ena amabwerera pakati okha mukatseka zonse n'kuponda mwamphamvu. Iyi inakana, chifukwa kumbuyo kunali kudakali mpweya ndipo pulesha siinkafanana. Njira yake ndi kufooketsa mbali inayo. Tinatseka kumbuyo, ndinatsegula pang'ono kabowo kochotsera mpweya pa caliper imodzi ya kutsogolo, kiyi ali wotembenuza, ndipo mnyamatayo anaponda pang'onopang'ono maso ali pa getsi. Litangozima anafuula, anagwira phazi pomwepo, ine n'kutseka. Ulendo woyamba anapitiriza pang'ono, getsi linazima n'kuyakanso, kusonyeza kuti pisitoni yadutsa pakati n'kupita mbali ya kutsogolo. Tinatembenuza, kutsegula kumbuyo pang'ono, ndipo ulendo wachiwiri inakhala pakati. Kenako ndinabwereka kachipangizo kaja kwa mnzanga, ndinakamanga m'malo mwa siwichi, tinamaliza matayala onse anayi mpaka mafuta oyera opanda thovu anatuluka paliponse, n'kubwezera siwichi. Siwichiyo ndinaimanga ndi zala, n'kuwonjezera pang'ono chabe ndi sipanala.

Popeza madilamu anali otsegula kale, ndinayang'ana ntchito ya bambo aja. Wheel cylinder yatsopano inali youma ndipo anaimanga bwino. Ya kumanja, nditatukula karabala kotchinga fumbi, inali youma. Mashuzi a mbali zonse anali patali ndi dilamu, ndipo ndinawasendeza mpaka anayamba kukhudza pang'ono. Mashuzi otalikira amatalikitsa ulendo wa pedulo ndipo amachedwetsa pulesha ya kumbuyo kukwera, zimene zinkathandizira kuphethira kuja.

Kuyesa ndi zotsatira

Ndinatsukanso malo onse n'kuwazanso choko. Injini ikulira, mnyamatayo anagwira pedulo mwamphamvu mphindi yathunthu, katatu. Pedulo siinatsike, zimene zinachotsa nkhawa yanga pa master cylinder. Nati ya paipi yatsopano inadetsa choko pang'ono ulendo woyamba. Ndinaimasula pang'ono n'kuimanganso kuti mlomo ukhazikike, ndipo inauma. Ndinamasulanso siwichi kuti ndione m'bowo: munali mouma, kampata ka pisitoni kali pakatikati. Waya nditaubwezera ndinayesanso getsi ndi handibuleki komanso pogunditsa waya ku chitsulo, ndipo linayankha njira zonse ziwiri.

Pa msewu ndinayamba ndi liwiro lochepa, kenako ndinaimitsa mwamphamvu kangapo pamalo opanda magalimoto, kumbuyo kulibe katundu. Galimoto inaima molunjika, matayala a kumbuyo sanamangike oyamba, getsi silinaphethire. Nditabwerera ndinalemba kamzere pa zipinda zonse ziwiri za kathanki posonyeza pamene mafuta alekezera.

Ndinawapempha bambowo kuti abwerenso pakatha milungu iwiri, ndipo anabweradi. Mafuta anali pa kamzere m'zipinda zonse, valavu ndi manati zinali zouma, pansi pomwe imagona anati sipakunyowanso. Pa ulendo umenewo ndinawaonetsa mapaipi a rabala opita ku ma caliper, amene ayamba timing'alu kunja, ndi paipi yachitsulo yodutsa pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo imene dzimbiri layamba kuigwira ngati ija ndinadula. Tinapangana kuti zimenezi tisinthe mwezi wotsatira, ndipo pa khadi la galimotoyo ndinalemba kuti mafuta a mabuleki adzasinthidwenso pakatha zaka 2.